Azakhali Sakumudziwa Wamafuliji

Azakhali anga chakudya chawo amachipezera m'kukhala chete. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tsopano, ntchito yawo ndi kukhala pampando, manja pamiyendo, n'kumamvera bambo ndi mkazi wake akulimbana za amene anasiya thaulo lonyowa pabedi. Awiriwo mpweya ukawathera, azakhali amapendeketsa mutu pang'ono n'kufunsa kuti, "Ndiye mukumva bwanji?" Funso limeneli linamanga nyumba, linaphunzitsa mwana, ndipo linawapatsa dzina. M'banja mwathu monse timawatchula a Mukumvabwanji, iwo akakhala kuti palibe.

Pachitseko cha ofesi yawo palembedwa kuti ndi katswiri wothandiza anthu pa za maganizo ndi maubale. Kunja kwa dziko lino, kumene ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri, aliyense ali ndi katswiri wake wotere, ndipo amamutchula pagulu monyadira ngati galimoto yatsopano. Kuno ayi. Kuno munthu angalolere kuti mumuone akudumpha pawindo la mkazi wa mwini kusiyana n'kuti mumuone akutsika masitepe a azakhali. Mwamwayi, ofesiyo ili pamwamba pa sitolo ya penti. Choncho aliyense wopita kumeneko amayamba walowa m'sitolo, n'kuyang'ana mitundu ya penti mozama ngati akufuna kupaka tchalitchi, kenako n'kuzemba. Potuluka amagula kaburashi kuti akhale ndi chonyamula. Wapentiyo amati, "Mabanja m'tauni muno akusweka, koma maburashi ali nawo."

Azakhali anayamba ngati namwino m'wodi ya odwala maganizo. Kumeneko anaona mayi wina akubwera mwezi ndi mwezi ndi mutu womwewo, dokotala n'kumamupatsa mapiritsi omwewo. Tsiku lina anauza dokotalayo kuti, "Mutu wa mayiwa ndauona dzulo pageti. Umavala jekete ndipo umayendetsa lole." Dokotala sanaseke. Chaka chotsatira azakhali anabwerera kusukulu, ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, mwana ali m'kalasi yoyamba. Bambo awo anafunsa kuti akamaliza azidzabaya jakisoni wanji. Anati palibe jakisoni. Nanga mankhwala? Palibenso. Mkuluyo anaganiza nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye sukulu yonseyi ukuphunzira kucheza?" Anamwalira akuuzabe anzawo kuti mwana wawo ndi namwino, kungoti akupuma kaye.

M'chipindamo muli mipando itatu, bokosi la timapepala topukutira misozi, ndi duwa lapulasitiki, chifukwa maluwa enieni ankafota ndi zimene ankamva. Patebulo pali kawotchi kophikira mazira, kachikasu, kooneka ngati dzira lomwe. Njira ya azakhali yagona pa kameneka. Mwamuna amalankhula mphindi zinayi, mkazi osatsegula pakamwa. Kakalira, mkazi saloledwa kuyankha. Ayenera kuyamba wabwereza zimene wamva: "Chimene ndamva n'chakuti..." Akaphonya, abwerezenso. Kenako amasinthana. Zikuoneka ngati masewera a kusukulu ya mkaka, koma tayesani kubwereza molondola mawu a munthu amene mwakhala mukumukonzera yankho kuyambira Lachiwiri.

Kawotchiko nako kali ndi makani ake. Kanagwa pansi kalekale, moti kuti kalire uyenera kukapotokola mpaka pa teni, kukabweza pa folo, n'kukagoneka cham'mbali. Ukakaimika kamangoti duu, ngati mwini wake. Azakhali amakana kugula kena. Amati anthu awiri okwiyirana akayamba kutukwana kawotchi limodzi, ndiye kuti agwirizanapo kale pa chinthu chimodzi.

Koma lamulo lawo lalikulu ndi chinsinsi. Tsiku loyamba amauza aliyense mawu omwewo, ndipo munthuyo amasaina pepala. Mawuwo anawamatanso kuseri kwa chitseko: "Zolankhulidwa muno zimathera muno. Tikakumana kunja, ine sindikudziwani, pokhapokha inuyo mutayamba kunena kuti timadziwana." N'chifukwa chake sindikuuzani nkhani ya kasitomala aliyense: ndilibe. Amalume, amuna awo, amene anapuma pa uphunzitsi, amati anakwatira bokosi lachitsulo lotayika kiyi. "Ndikafunsa kuti tsiku layenda bwanji, amandiyankha kuti layenda." Kupita kumsika ndi azakhali ndi kanema payekha. Theka la tauni limazindikira mwadzidzidzi kuti zingwe za nsapato zamasuka. Bwana wina wa tayi ndinamuona ndi maso angawa akubisala kuseri kwa mulu wa kabichi, ndipo azakhali anamudutsa ngati nayenso ndi kabichi.

Mwana wawo ndi mmodzi, msuweni wanga, mphunzitsi wa masamu, wa pakamwa pakuthwa ngati lumo latsopano. Anakulira m'chipinda cha mipando itatu chija, akulemba homuweki pakona anthu akapita. Ana ena akalakwa ankakwapulidwa n'kuiwala. Iye ankapatsidwa mphindi zinayi kuti afotokoze maganizo ake. Mpaka lero amati akanakonda chikoti.

Ine nditabwerera ndinapempha kukhala kwa azakhali milungu iwiri, podikira kuti ndiganize kumene ndikupita. Patatha miyezi khumi sutikesi inali chikhalire pansi pa windo, yosamasula. Choncho ndinalipo Lamlungu limene msuweni anabweretsa mwamuna amene ankafuna kumanga naye banja.

Ankakonza mafuliji. Munthu wamtali, wamanja aakulu, wolankhula ngati mawu amagula. Banja lake loyamba linatha zaka zitatu zapitazo, ndipo msuweni ananeneratu zimenezi kuti pasakhale zonong'ona. Azakhali anati palibe vuto, anthu amayambiranso. Anadzuka m'mawa, anaphika nkhuku ziwiri, anavala ndolo. Belu litalira anatuluka kukhitchini akupukuta manja, kumwetulira kuli mbee. Atangomuona mlendoyo, kumwetulirako kunagwa ngati chithunzi chothothoka pakhoma. Wamafuliji naye anataya jumbo ya malalanje, malalanje n'kumwazikana mpaka pansi pa sofa.

"Takulandirani," azakhali anauza kabati.

"Zikomo, amayi," Wamafuliji anauza nsapato zake.

Basi. Azakhali anabwerera kukhitchini, ndipo anakhalako miyezi isanu ndi itatu.

Sindikukokomeza kwambiri. Lamlungu lililonse munthuyo ankabwera atamanga tayi, n'kukhala kumapeto kwa mpando ngati akudikira zotsatira za magazi. Azakhali ankabweretsa chakudya n'kusowa. Mayi amene angathe kufunsa mafunso mwala mpaka mwalawo ulire, sanamufunse mkamwini wawo funso ngakhale limodzi. Kwanu n'kuti, makolo alipo, ntchito ikuyenda bwanji, ayi ndithu. Tsiku lina anabweretsa tiyi. Tonse anatithirira mkaka ndi shuga. Wamafuliji anamuikira wakuda, wopanda kalikonse, osamufunsa n'komwe. Iye anamwa mwakachetechete mpaka pansi pa kapu. Msuweni anandikokera pakhonde.

"Waona? Ngakhale shuga akumumana."

Chinanso n'chakuti fuliji ya m'nyumbamo inali ikufa. Inkabuula ngati ng'ombe yodwala, inkadontha madzi, ndipo chitseko chake tinkachitchinjiriza ndi mpando. Ikayamba kubuula, zala za Wamafuliji zinkagwedera pabondo pake.

"Adokotala," amalume ankatero, chifukwa ndi mmene amawaitanira akazi awo akafuna kuwaputa, "tili ndi sing'anga wa mafuliji pabalaza, wodwala akutsirizika kukhitchini. Kodi sitingawakumanitse?"

"Musamuvutitse mlendo."

"Mlendo wa miyezi isanu? Uyu watsala pang'ono kuyamba kulandira makalata pano."

Achibale anali ndi mayankho, monga mwa masiku onse. Ena ankati n'chifukwa cha banja loyamba lija. Ena ankati azakhali ankafuna mkamwini wa muofesi, osati wa ovolosi. Ine ndinali ndi mawu akuluakulu amene ndinabwera nawo m'sutikesi, ndipo tsiku lina ndinawayesa. Ndinawafotokozera azakhali kuti mayi wa mwana mmodzi nthawi zina amaopa kutsala yekha, ndiye amadana ndi aliyense wobwera kudzamutenga mwanayo. Anandimvera mpaka kumapeto, mutu uli chopendekeka.

"Ndiye iweyo ukumva bwanji ukamalankhula zimenezo?"

Ndinati ndikumva bwino.

"Chabwino. Sutikesi ija udzamasula liti?"

Sindinayesenso.

Koma kwa msuweni sizinali zoseketsa. Ankawafunsa amayi ake mwaulemu, ankawafunsa mokuwa, anawalembera ngakhale kalata. Yankho linali limodzi: "Ndilibe naye chifukwa." Tsiku lina Lachisanu analowa m'chipinda changa n'kukhala pa sutikesi ija, pepala lili m'manja.

"Iwe mlendo wosapita, tawerenga."

Inali fomu yosamukira kusukulu ina, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Anali atailemba yonse. Inkafunika kubwezedwa Lolemba.

"Anthu osawadziwa amawamvera ola lathunthu," anatero. "Amakwera masitepe akutukwanana, n'kutsika atagwirana manja. Ine mwana wawo sangandipatse chiganizo chimodzi chokha. Ngati pali chimene akuchiona pa iye, anene. Ngati palibe, amuyang'ane kumaso. Lamlungu akapanda kulankhula, ndikupita. Ukwati tikachitira komweko, iwo adzaona zithunzi."

"Ukunena zoona?"

"Ine ndimaphunzitsa masamu. Sindiopseza."

Ndinkadziwa kuti azakhali nawo sizikuwayendera. Ndolo zija sanavalenso, ndipo masiketi ankawakhwepa. Tinadzamva pambuyo pake kuti anapita ngakhale kwa mkulu wina wa ntchito yawo yomweyi kukapempha nzeru, popanda kutchula dzina la munthu. Mkuluyo anawamvera bwinobwino, n'kupendeketsa mutu, n'kuwafunsa kuti akumva bwanji.

Lamlungu linafika. Titakhala patebulo, azakhali anaika mbale ya mpunga n'kutembenuka kuti athawire kwawo kukhitchini.

"Khalani pansi, amayi."

Anakhala. Msuweni anaika fomu ija pambali pa mbale yake, kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa dzira lachikasu. Anali atakalitenga kuofesi dzulo lake, wapenti atamubwereka kiyi.

"Lero tichita mwa njira yanu. Mphindi zinayi. Ndiyamba ine, inu mubwereza."

Anapotokola kawotchiko mpaka pa folo n'kukaimika patebulo mwamphamvu. Anakoka mpweya kuti ayambe. Pamenepo dzanja lalikulu linadutsa pamwamba pa nkhuku. Wamafuliji anakatenga, anakapotokola mpaka pa teni, anakabweza pa folo, n'kukagoneka cham'mbali bwinobwino.

"Sikalira ukakaimika," anatero motsitsa.

Kenako anayang'ana dzanja lakelo ngati si lake.

Kawotchi kokha ndi kamene kankati tiki tiki, fuliji n'kumathirira ndemanga kukhitchini. Amalume anaika foloko pansi mosamala.

"Bambo, kodi mumaphika mazira kwambiri?"

Msuweni sanaseke. "Wadziwa bwanji?"

"Ndimakonza zinthu. Munthu umangoona."

"Kawotchi aka sikanatulukepo muofesi ya amayi chigwereni pansi. Wadziwa bwanji?"

Thukuta linayamba kutsika m'mbali mwa tayi. "Sindinganene."

"Sunganene?"

"Ndinasaina."

"Unasaina chiyani?"

"Pepala lachinsinsi. Ndikanena, amayiwa awalanda chiphaso cha ntchito. Ine sindingawachite zimenezo."

Azakhali anatsinzina. Atatsegula maso anayang'ana kudenga, n'kuyamba kulankhula ndi babu la magetsi, ndi mawu awo a kuofesi aja.

"Sindinganene ngati bambo awa ndinawaonapo kapena ayi. Koma ndingathe kunena zimene ndimauza munthu wina aliyense. Chinsinsi chimamanga ine ndekha. Mwini nkhani ndi mfulu, akafuna akainene pa wailesi. Ndipo chiganizo chimene ndimanena tsiku loyamba chili ndi mbali ziwiri."

"Ziwiri?" anafunsa Wamafuliji.

"Tikakumana kunja, ine sindikudziwani. Pokhapokha inuyo mutayamba kunena kuti timadziwana."

Munthu wamkulu uja anakhala kukamwa kuli yasa. "Mbali yachiwiriyo sindinaimve, amayi. Tsiku limenelo ndinkalira."

"Ili kuseri kwa chitseko," azakhali anauza babu. "Zilembo zazikulu."

"Ndinkatuluka nditawerama."

Amalume anali atabisa nkhope m'kansalu kopukutira m'manja, mapewa akugwedezeka. Wamafuliji anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kuwayang'ana azakhali kumaso, koyamba chilowereni m'nyumbamo.

"Amayi, timadziwana. Ndinkabwera kwa inu Lachinayi lililonse, chaka ndi miyezi iwiri. Poyamba ndi mkazi wanga wakale, kenako ndekha. Kunyumba ndili ndi maburashi makumi asanu."

Mpweya umene azakhali anatulutsa unali wa miyezi isanu ndi itatu. Mapewa awo anatsika.

"Muli bwanji, bambo? Mwanenepako. Shuga munasiyiratu?"

"Ndinasiyiratu, amayi."

Ndinaona msuweni akukumbukira kapu ya tiyi ija. Anatembenukira uku, anatembenukira uko.

"Tiyeni tiwerengetsere," anatero, ndi mawu amene ana a m'kalasi mwake amawaopa. "Mmodzi ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu kulankhulana. Winayu anaphunzira kwa iwo chaka ndi miyezi iwiri. Akatswiri awiri, tebulo limodzi, miyezi isanu ndi itatu. Ine n'kumalira m'bafa. Iwe unandiuza kuti unkapita kwa mlangizi. Sunaone kuti n'kofunika kunena kuti mlangiziyo ndi amene anandibereka?"

"Ndinadziwa tsiku la malalanje lija."

"Nanga inu, amayi, simukanatha kungonamizira? Kumufunsa kwawo, ngati anthu ena onse?"

"Ndikanamufunsa chiyani chimene sindikudziwa? Funso lililonse likanakhala bodza, ndipo ndikanakunamiza iweyo, iye akuonerera. Ndikanati ndimumwetulire, ukanafunsa kuti chikondi chadzidzidzichi chachokera kuti. Ndinaona kuti kukhitchini n'kumene sindingalakwitse."

"Mwalakwitsa."

"Ndaona."

Msuweni anaika chala pa fomu. Kenako anafunsa funso limene tonse tinkaliopa.

"Ndiye mukudziwa chiyani za iyeyu chimene ine sindikudziwa?"

"Zimenezo sudzazimva kwa ine," anatero azakhali, ndipo apa sanayang'ane babu. "Lero, mawa, ngakhale tsiku limene ndidzakhale ndikutsirizika. Ukafuna kupita chifukwa cha zimenezo, sindingakuletse. Mwini wake ali apa, umufunse."

Msuweni anamuyang'ana mwamuna wake.

"Lero lomwe," iye anatero. "Zonse. Utenge kawotchiko."

Dzira lija linalira pamenepo, mokweza ngati lili ndi maganizo ake. Msuweni analitenga, analipotokola mpaka pa teni, analibweza pa folo, n'kuligoneka pafupi ndi mbale ya amayi ake.

"Chabwino. Katswiri ndamumva, ndipo ntchito yake amaidziwa. Tsopano ndikufuna amayi anga. Amayi, mukumva bwanji?"

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akuwombera anthu ndi mfuti imeneyi, azakhali anali asanaimepo kutsogolo kwake. Anatsegula pakamwa, anatseka. Anakonza supuni imene inali yowongoka kale. Mphindi imodzi inapita, yachiwiri n'kupitanso. Amalume anayamba kunena kenakake, msuweni n'kuwaloza chala: "Si nthawi yanu, adadi." Tinadikira.

"Za m'chipinda chija ndaziika pambali," azakhali anayamba pang'onopang'ono. "Ndinena za pabalaza pano, zimene aliyense waona. Munthu amene wabwera Lamlungu lililonse kudzakhala moyang'anana ndi nkhope yangayi, osadandaula, poganiza kuti akunditeteza, ameneyo ndi munthu. Kumva kokha n'kumene kumamuvuta." Anamuyang'ana mwana wawo. "Ine ndikuopa. Ndakhala ndikuopa chiyambire tsiku la malalanje. Ndimathandiza ana a eni, wanga ndikumutaya ndili chiimire ndi mbale m'manja. Usapite, mwana wanga."

Msuweni anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mokwiya, ngati misoziyo yalowa m'kalasi mosagogoda.

"Chimene ndamva n'chakuti mwamuna wanga ndi gonthi, ndipo ine ndisapite."

"Wamva bwino."

"Koyamba m'banja muno," anatero amalume, "munthu wakhoza ulendo umodzi. Tsopano tingadye? Nkhukuyi yamva zambiri."

Tinadya. Azakhali anamuthirira Wamafuliji mpunga wokwana anthu atatu, ndipo pakati pa chakudya anachita ngati akumbukira kanthu kakang'ono.

"Bambo, fuliji yathu ija..."

Sanamalize. Munthuyo anali atavula kale jekete. Zipangizo zinali m'galimoto, pamodzi ndi mphira watsopano wa chitseko, umene anagula Lamlungu lachiwiri atangomva kubuulako ali pabalaza. Anagwada kuseri kwa fuliji theka la ola, azakhali ataimirira pambali pake atamugwirira tochi, akumufunsa za mafuliji mafunso onse amene mayankho ake sankawadziwa. Atamaliza anaikankhira kukhoma, koma inkagwederabe chifukwa simenti ya pamenepo ndi yosalingana. Anapempha kapepala kolimba. Msuweni anapita patebulo, anatenga fomu ija, anaipinda kanayi n'kumupatsa. Ili pansi pa mwendo wakumanzere mpaka lero.